Macheka pa Tsiku la Maliro

Gerevazio anafika pakhomo pa malemu Kalisto atapanira tambala m'khwapa, maliro atametedwa kale. Anakhala pansi kumphepete kwa bwalo n'kuomba m'manja.

Anthu awiriwa anacheka matabwa limodzi m'phiri kuyambira pamene azungu a mishoni anayamba kumanga ndi njerwa. Gerevazio ankaima pamwamba pa chipika, Kalisto m'dzenje, macheka aatali ali pakati pawo. Chifuwa chitamutenga Kalisto, kumishoni ankafuna matabwa a denga mvula isanagwe. Gerevazio anaitana munthu wina, Vinsenti, ndipo tsiku loika maliro, pamene mudzi wonse unagoneka makasu, iwo anacheka.

Anastazia, mkazi wa malemuyo, anatuluka ndi lichero la nyemba, mutu uli mbee.

"Alamu, pepani," anatero Gerevazio. "Ndabwera kudzakupepesani."

"Kawiri? Chipepeso chanu tinachimva kale. Chinkalira kuphiri uko, ife tikufotsera manda."

Gerevazio anayang'ana zala zake za kumapazi. Tambala anapalapata, iye n'kumufinya.

"Abambo a kumishoni anati denga..."

"Denga silinali mnzanu. Maliro n'kulirana, alamu. Achimwene anga akuti mukabwera ndikubwezeni ndi nkhuku yanu yomwe. Koma ine za milandu zanditopetsa." Anapeta nyemba zija. "Kuphiriko ine sindinafikeko. Madzulo ankabwera ali mbuu ndi utuchi, n'kugona osanena kanthu. Inu ndinu munkakhala naye. Tandiuzani, ankatani tsiku lonse?"

Gerevazio anayamba mwachibwibwi, kenako mawu anabwera okha. Anati Kalisto ankaimba nyimbo za ngoma m'dzenjemo kuti macheka ayende mofanana. Mzere wocheka ukakhota ankakuwa kuti, "Iwe wakumwambawe, ukuonera akazi akumtsinje?" Tsiku lina njoka inagwera m'dzenje, iye n'kutuluka ngati gwape, nsalu itatsalira momwemo.

Anastazia anaseka, misozi ikugwera m'nyemba. Anaipukuta msanga ndi mkono.

"Nanga akamaimba, nkhope yake inkaoneka bwanji? Kuno sanaimbepo."

Gerevazio anayesa kukumbukira. Pocheka, maso ake ankakhala pamzere wa makala wolembedwa pachipika. Pansi pa chipika ankangoona utuchi ukugwa, ndipo chifuwa chija ankachimva ngati mmene munthu amamvera mphepo.

"Sindikudziwa, alamu."

"Simunasinthanepo? Iye pamwamba, inu pansi?"

"Anapemphapo, m'nyengo yozizira ija. Ndinati sadziwa kutsata mzere."

Mayiyo sanamutukwane, ndipo Gerevazio akadakonda kutukwanidwa.

"Siyani tambalayo," anatero pomaliza. "Ana adya. Mwandipatsa nyimbo ndi njoka, ndalandira. Zinazo nyamulani nokha."

Gerevazio anamanga miyendo ya tambala ndi luzi, anaombanso m'manja, n'kunyamuka.

M'mawa mwake anapeza Vinsenti atatsikira kale m'dzenje, akulavulira m'manja.

"Tuluka," anatero Gerevazio. "Kwera pachipika."

"Ine? Mzere ndiukhotetsa, akulu. Tiwononga mlombwa wa eni."

"Ukhote."

Gerevazio anatsikira m'dzenje, nagwira chogwirira chimene manja a Kalisto anachisalaza. Vinsenti anakoka, iye anabweza. Utuchi woyamba unamugwera m'maso ndi m'kamwa, wowawa. Anatsokomola, osasiya kucheka.