Mawu a Laban mu Filimu ya ku Russia

Laban ankamasulira mafilimu m'Chichewa m'kachipinda ka kuseri kwa msika wa Limbe. Mkazi wake Zione ankagulitsa tomato pamsika pomwepo, mwana wawo Mada ali kumsana, ndipo ntchito ya mwamunayo ankaidziwa bwino. Filimu ikakhala ya ku America, ya nyumba zosanja zikugwa ndi magalimoto ankhaninkhani akuphulika, Laban ankatsata zimene azunguwo akunena, poopa kuti odziwa Chingerezi amugwira bodza. Koma ya ku Russia palibe ankaimva, ngakhale iye yemwe. Ankangoyang'ana milomo n'kuikamo zakezake.

Lachiwiri masana, a Sabiha ogulitsa anyezi anamukodola Zione.

"Amake Mada, yatsopano ya amuna anu mwaionera? Pitanitu, muli momo."

Anaseka osamuyang'ana kumaso.

Zione anavundikira tomato n'kukalowa m'vidiyo sho ya kudepoti. Filimu yake inali yotchipa zedi: ngwazi yovala chisoti chonga poto, ikamauluka chingwe chikuoneka kumsana, galimoto yophulika imodzi yokha, yomweyo kuionetsa katatu. Kenaka ngwaziyo inaima pamaso pa mkazi wina wampango. Mawu anali a Laban.

"Iwe Zione, ndatopa nawe. Sukulu unathawa Fomu 1. Ukatsegula pakamwa, tomato yekhayekha."

Anthu anafa nalo phwete. Mkazi uja anagwedeza milomo, Laban yemweyo atachepetsa mawu:

"Nanga mwanayu, bambo?"

"Tenga uzipita kwanu ku Nsanje. Kwabwera Jenifer, wa satifiketi."

"Bwezani pamenepo!" anakuwa kondakitala wina. Anabwezadi.

Panjira yopita kunyumba ku Kanjedza, Zione ankadziuza kuti ndi nthabwala chabe. Si uja anatchapo chigawenga dzina la alandilodi? Koma mtima unkakana. Mu ya ku America Laban amanena za azungu. Mu ya ku Russia amanena za mumtima. Ndipo sukuluyo sanathawe ayi, anaisiya ndi mimba ya Laban yemweyo.

Anapeza thumba la zovala zake lili pakhonde, pakhomo pali nsapato zazitali zimene sanazionepo. Laban anali pampando, akutokosa m'mano.

"Waonera? Ndiye sindibwerezanso."

"Nanga mwanayu, bambo?"

Mawuwo anatuluka Zione asanawagwire. Laban anawomba m'manja, n'kutembenukira kuchitseko.

"Jeni, wamva? Ndendende! Ndinakuuza kuti atero."

M'katimo munamveka kuseka.

Zione sanalire. Anagwada, anamasula thumba, n'kuyamba kufufuza. Matewera analimo. Zitenje zinalimo. Buku la kusikelo la mwana munalibe, ndipo tsiku la katemera linali Lachisanu.

Anadzuka, anakonza mwana kumsana, n'kugogoda pachitseko cha nyumba yake yomwe.

"Odi, achemwali. Tandipatsirani kabuku ka mwanayu, kali pansi pa matiresi. Mbali imene mukugona inuyo."