Kagalimoto Kofiira ka Jincy

Amuna anga a Kuriakose ukawapatsa chinthu chakufa ndiye wawasangalatsa. Wailesi yoti mwini wake anaitaya kale, iwo amalimbana nayo mpaka ilankhule. Koma denga lathu lodonthali, ayi, limenelo lizidikira. Tachita imvi tikukhala pamwamba pa kashopu kathu mumzinda wa Ernakulam, ndiye ndikamawanena ndimanena zimene ndikudziwa.

Jincy, mwana wa malemu mng'ono wanga, anafika mvula ikukhuthuka, diso litatupa, mlomo utang'ambika. Analibe chikwama, anangofukata kanthu kokulunga m'thaulo.

"Ndi Tomichan?" ndinamufunsa. Tomichan ndi mwamuna wake.

Anagwedeza mutu. "Anati ndikadzachoka adzandipeza, ndipo sindidzachokanso."

Nditafunyulula thaulo lija ndinapeza kagalimoto koyendetsa ndi rimoti, kofiira kosuluka, matayala ong'aluka, dzimbiri lokhalokha.

"Mwana iwe, wasiya zovala, wasiya ndolo, n'kunyamula choseweretsa?"

"Anandibweretsera bambo kuchokera ku Dubai ndili wamng'ono. Zina zonse za bambo anga, Tomichan anatentha."

Tinamubisa m'chipinda chapamwamba, ndipo ndinakalankhula ndi masisitere a kutchalitchi kwathu, omwe analonjeza kumupezera malo kutali. Anati tingopirira pang'ono, asatuluke, asasuzumire ngakhale pawindo.

Amuna anga, mmalo modera nkhawa mwana, maso anali pa kagalimoto.

"Aka n'ka ku Japan aka, Aleyamma!" anandiuza. "Masiku ano sapanganso zoterezi. Rimoti yake ili kuti?"

"Inatsala m'kabati kunyumba," anatero Jincy.

Anakamasula konse, tizidutswa n'kutindandalika pa nyuzipepala. Ankatitsuka ndi mswachi ndi palafini, kupala dzimbiri, kulumikiza mawaya oduka. Nyumba yonse inkanunkha palafini, mpaka mpunga. Ndinkakalipa, koma ndikaona Jincy atakhala pansi akuwagwirira tizitsulo, ndinkameza mawu. Tsiku lina ndinamumva akuseka, koyamba chifikireni.

Vuto linali rimoti. Basheer wa shopu yoyandikana nafe, amene amagulitsa zatsopano, anawauza poyera.

"Achimwene, chotsani za m'katizo muike zamakono. Zamakono zimamvera rimoti ya mwini wake yokha. Zakalezi n'zopanda khalidwe, aliyense wokhala ndi kamwala kofanana amaziyendetsa."

Kamwalako ndi kachitsulo kakang'ono kamene amakalowetsa m'galimoto, kanzake m'rimoti, kuti ziwirizo zizimvana. Zimenezi ndinazidziwa chifukwa chozimva m'mawa ndi madzulo.

"Ndichotse? Ndiye ikhala galimoto ya bambo ake a Jincy kapena ya Basheer?" anayankha amuna anga. "Chakale chimakonzedwa monga chinabwerera. Kupanda apo, gula china."

Anazungulira kwa anzawo okonda zakalezi mpaka anapeza rimoti ina yakale ya kamwala kofanana. Anabwera nayo akunyadira ngati apha nyama.

Kenako tsiku lina masana Tomichan analowa m'shopu. Malaya oyera ositidwa bwino, tsitsi lonyezimira mafuta a kokonati, m'manja phukusi la nthochi zokazinga. Munthu ameneyu ukamuona ungati ndi wa kwaya.

"Amayi, mkazi wanga wasowa. Tinangosemphana pang'ono, za m'banja. Sanafike kuno?"

"Kuno? Ife tamuona liti? Mwamutaya nokha, ndiye mukufunsa ife?"

Ndinamupatsa tiyi. Anamwa pang'onopang'ono, maso akuyendayenda. Pakona ya tebulo, pa nyuzipepala, panali timatayala tinayi timene amuna anga anatimata kuti tiume. Anatola kamodzi n'kukatembenuza.

"Bambo, mwayamba kusewera paukalamba?"

"N'za kasitomala," anatero amuna anga.

"Kasitomala wamwayi." Anakabwezera pamalo pake bwinobwino, n'kutsanzika mwaulemu.

Atachoka ndinawalalatira amuna anga mpaka mawu kusasa. Iwo ankati matayala ndi matayala, alipo ambirimbiri mumzinda muno. Jincy anasiya kudya, ankangokhala pamphasa atatsamira khoma. Sabata inatha Tomichan osaonekanso, ndipo masisitere anatumiza uthenga woti Lolemba m'mawa adzamutenga Jincy. Mtima unayamba kukhala pansi.

Lamulungu titabwerako kutchalitchi, posapita nthawi amuna anga anati kagalimoto katha. Mashopu onse anali otseka, msewu uli zii, kamvula kakuwaza. Anakwera nako pamwamba, anaika mabatire, n'kumupatsa Jincy rimoti.

"Yendetsa, mwana wanga. Upite nako kali kamoyo."

Mayo ine, phokoso lake! Kanthu kakang'ono koma kulira ngati makina osokera, ndiye pansi pathu m'pamatabwa. Kanathamanga kuchokera kukhomo mpaka kuwindo, n'kukhota, n'kubwerera. Jincy analira misozi uku akuseka. Ineyo ndinamutsomphola rimoti.

"Basi, zakwana! Mukufuna tauni yonse imve?"

Ndinachotsa mabatire a m'rimoti n'kuwaika m'thumba langa, kenako ndinapakula chinangwa ndi nsomba. Palibe amene anakumbukira kuzimitsa kagalimoto kenikeniko. Kanatsala pakati pa chipinda.

Tili mkati mwa kudya, matayala akutsogolo anakhotera kumanzere okha. Kenako kumanja.

"Inu, mwakagwira?" ndinafunsa.

Amuna anga anayang'ana rimoti ili patebulo, yopanda mabatire. Dzanja lawo linaima m'malere, chinangwa chili pa zala.

Kagalimoto kanasuntha pang'ono n'kuima. Kanabwerera m'mbuyo pang'ono n'kuimanso, ngati munthu akufufuza njira mumdima. Kenako kanalira mwamphamvu, kanathamanga n'kukagunda khoma, n'kupitiriza kulira pomwepo, matayala akupala matabwa.

"Zimitsani! Zimitsani, inu!"

Amuna anga anakwawa n'kukagwira, koma zala zinali zamafuta, kabatani kanali pansi, ndipo kanalirabe m'manja mwawo kanthawi ndithu kasanatonthole. Jincy anali ataunjikana pakona, manja ali kukamwa.

"Rimoti yakale imafika patali bwanji?" ndinawanong'oneza.

Sanandiyang'ane. "Siifika patali. Kungodutsa msewu basi."

Ndinapita pawindo n'kupatula katani pang'ono. Tsidya lina la msewu, pansi pa khonde la malo ogulitsira tiyi otseka, panaima Tomichan, malaya oyera omwe aja. M'manja anali ndi rimoti, eriyo yake yayitali atasolola yonse. Sankayang'ana zala zake. Nkhope inali m'mwamba, khutu atatchera kuwindo lathu, ndipo ankamwetulira.

Mantha amene ndinamva sindinawamvepo. Ndinafuna kukuwa, koma msewu wonse munalibe munthu.

Anabweza eriyo ija pang'onopang'ono mpaka yonse inalowa, anaika rimoti m'thumba, n'kutambasula ambulera. Anayang'ana uku ndi uku ngakhale kunalibe galimoto iliyonse, n'kuyamba kuwoloka.

"Amayi aakulu," anatero Jincy kumbuyo kwanga, "chitseko cha pansi munakhoma?"

Ndinatembenukira kwa amuna anga. Ndi iwo analowa pomaliza pochokera kutchalitchi, akuthamangira kukamaliza kagalimoto.