Matikiti Atatu a ku Chilumba

Kodi mukuganiza kuti phungu wa nyumba ya malamulo wokondedwa ndi anthu ake angagonje pa chisankho ndi mavoti angati? Zikwi ziwiri? Mazana asanu? Sungani yankho lanu mumtima. Tusekele nayenso anali ndi lake, ndipo ankalikhulupirira kwambiri moti analigawirako mnzake wapamtima.

Tusekele, Mmalawi wokhala kunja, ankagwira ntchito pa nyumba ina yosamalira okalamba mu mzinda wa South Bend. Pa chigawo chake ankagwira ndi Melissa, mayi wochokera ku dziko laling'ono la zilumba m'nyanja ya Pacific, dziko loti pa mapu limangooneka ngati timadontho ta inki. Kwa zaka zisanu ndi chimodzi awiriwa ankadzutsira limodzi okalamba, kuwasambitsa ndi kuwadyetsa. Ankalankhulana m'Chingerezi, koma Melissa anali atatola liwu limodzi la Chichewa, ndipo sankamutchulanso Tusekele dzina. Ankangoti "achemwali."

Vuto linabwera ndi lamulo la pantchito. Anthu awiri a chigawo chimodzi sankaloledwa kupita ku tchuthi nthawi imodzi. Melissa anali atapempha kale masabata awiri a mwezi wa Julaye, ndipo anamulola. Patapita mwezi, Chawezi, mng'ono wake wa Tusekele, analengeza kuti ukwati wake udzachitikira ku Speedway, mu mzinda wa Indianapolis, m'masabata omwewo. Makolo awo anali ku Malawi, choncho Tusekele ndiye anali mayi pa ukwatiwo. Ankafunika kumeneko sabata yathunthu.

Pa chakudya cha masana Melissa anamufotokozera chifukwa chake sakanatha kusintha. Kwawo kunali chisankho. Chilumba chilichonse ndi dera lake, ndipo chimatumiza phungu mmodzi ku nyumba ya malamulo. Munthu sangavote ali kunja. Amayenera kukaimirira yekha m'nyumba ya misonkhano ya pachilumba chimene analembetsa. Iye, mwamuna wake Gray, ndi mwana wawo Tiffany amene anali atangokwanitsa zaka khumi ndi zisanu ndi zitatu, onse anali m'kaundula wa ovota, ndipo matikiti atatu anali atagulidwa kale.

Phungu wawo, Mayi Losa, kale anali mzamba. Ndiwo anamenyera nkhondo kuti chilumbacho chikhale ndi boti la odwala, lowanyamula kupita nawo ku chipatala chachikulu ku likulu. Amayi ake a Melissa ankadwala matenda a shuga, ndipo botilo linali litawapulumutsa kawiri. Wopikisana nawo anali mwini sitolo yaikulu pachilumbapo. Iyeyo ankanena poyera kuti botilo limangotha mafuta, ndipo ankagawa matumba a mpunga khomo ndi khomo.

Tusekele anamvetsera, koma mtima wake unali pa ukwati. Lamulungu lotsatira anaitanira Melissa kunyumba kwake, kumene Amalawi a komiti ya ukwati ankakumana atachoka kutchalitchi. Ankadziwa kuti mwamuna wake Mervin sangasiye nkhani yotere kudutsa osaithira mchere.

"Alamu," anatero Mervin kwa Melissa, akuseka, "ndege zitatu ndi boti chifukwa chochonga kapepala? Kwathu phungu timamuona kawiri kokha: pa kampeni akamagawa nsalu, ndi pa maliro akabweretsa bokosi. Akapambana amasintha nambala ya foni."

Anthu anaseka, ena n'kumawonjezera nkhani za aphungu a kwawo amene anasamukira ku Lilongwe osabwereranso. Amene sanaseke anali a Dixon, bambo wachikulire wophunzitsa za kayendetsedwe ka boma pa koleji ina ku Indianapolis. Iwo anali atabwera ngati nkhoswe. Anafunsa Melissa kuti pachilumba chake pali anthu angati ovota. Melissa anayankha kuti sakwana mazana asanu.

A Dixon anaika kapu yawo pansi. Anafotokoza kuti dera limene iwo anabadwira ku Malawi lili ndi ovota zikwi makumi angapo, n'chifukwa chake Mmalawi akamva zoti phungu wapambana amaganiza za kusiyana kwa zikwi. Koma pamene ovota ali ochepa chonchi, banja limodzi lokha likhoza kusintha zotsatira. Anafunsanso za nyumba ya malamulo, ndipo Melissa anati aphungu onse sakwana makumi awiri, alibe zipani, ndipo ndi iwowo amene amasankha mtsogoleri wa boma pakati pawo.

"Ndiye kuti mpando umodzi ukhoza kugwetsa boma lonse," anatero a Dixon. "Anzanga, musayeze chilumba ndi muyeso wa kwathu. Ndiponso ngakhale kwathuko, zikwi zimenezo zimayamba ndi munthu mmodzi amene anadzuka n'kukaima pamzere. Mayiwa asiyeni apite."

"Aphunzitsi ayamba lekichala," anatero Mervin. "Wina awabweretsere choko."

Anthu anasekanso, ndipo nkhani inabwerera ku za holo ndi zovala za operekeza akwati. Tusekele anatengera Melissa pakhonde, namugwira dzanja. Anamukumbutsa kuti iye mwini ananena kuti Mayi Losa anabadwitsa theka la anthu a pachilumbapo. Munthu wotero angagonje bwanji? Apambana ndi mavoti mazana, kaya Melissa apite kaya asapite.

"Chisankho chimabweranso, koma ukwati ndi kamodzi," anatero Tusekele. "Ine kuno ndilibe mayi, ndilibe azakhali. Ndili ndi iwe. Ingosinthani matikitiwo, nonse atatu mukadye Khirisimasi ndi amayi."

Melissa anayang'ana magalimoto odutsa mumsewu. Kenako anati, "Chabwino, achemwali."

Lolemba a Dixon anaimbira Tusekele foni. Anamupempha kuti akalankhule ndi akuluakulu a pantchito kuti apeze munthu wogwirizira, kapena iye angotenga Loweruka ndi Lamulungu, ntchito zina za ukwati n'kusiyira amayi a komiti. Tusekele anayankha mwaulemu kuti holo anabuka kale, ophika akudikira iye, ndipo Melissa wakansela kale tchuthi chake mwa kufuna kwake. A Dixon anangoti amva.

Ukwati unakoma. Amalawi anabwera kuchokera ku Chicago ndi ku Michigan, ndipo Tusekele anavina mpaka kuvula nsapato. Tsiku lomwelo Melissa anali pantchito, akugwira chigawo chonse ndi mtsikana wachilendo. Tusekele atabwerera, anamubweretsera keke ndi zithunzi, ndipo ali mkati mosintha nsalu za pabedi anakumbukira kufunsa za chisankho.

"Sanapambane," anatero Melissa.

"Pepa wanga. Ndale ndi choncho."

Tusekele sanafunse zambiri.

Aphungu atakumana, boma linasintha. Pofika Seputembala, boti la odwala linatengedwa kupita ku likulu, ati kukathandiza kunyamula katundu wa boma. Phungu watsopano sanatsutse. Anthu a pachilumbapo anatsala ndi namwino mmodzi, kabati ya mankhwala, ndi sitima yonyamula katundu imene inkafika kamodzi pa masabata atatu. Melissa anayamba kumadya yekha m'galimoto yake, foni ili kukhutu. Tusekele ankaganiza kuti mwina ndi kutopa.

Kumayambiriro kwa Novembala, amayi ake a Melissa anaponda chigoba chakuthwa m'mphepete mwa nyanja. Kwa munthu wa shuga, kabala kakang'ono ka kuphazi si kamasewera. Phazi linatupa, kenako mwendo. Namwino uja anayesetsa ndi zimene anali nazo, naimba foni ku likulu tsiku ndi tsiku, ndipo ankangouzidwa kuti adikire sitima. Anadikira masiku asanu ndi anayi.

Lachinayi m'mawa, Tusekele akukankha ngolo ya mankhwala, anapeza Melissa atakhala pansi m'khonde la m'kati, nsana utatsamira khoma, foni ili pamiyendo. Sankalira. Ananena mawu ochepa: amayi amwalira, sitima ifika mkuja. Pachilumbapo palibe nyumba ya chisoni, choncho anaikidwa m'manda mawa lake. Melissa anaonera mwambo wonse pafoni, chithunzi chikuduka-duka, mawu a nyimbo akufika mochedwa.

Amalawi anachita monga amachitira kwawo. Loweruka masana anadzaza nyumba ya Melissa, amayi atakhala pansi m'chipinda chochezera, abambo panja ndi Gray, kukuzizira. Anaimba nyimbo za maliro m'Chichewa, ndipo ngakhale eni nyumba sankamva mawu ake, ankagwedeza mitu. Tusekele ndiye ankayendetsa zonse. Polowa kukhitchini kukatenga makapu, anaona mapepala atatu omatidwa pa chitseko cha firiji. Anali matikiti aja, tsiku lake litasinthidwa kukhala la 14 Disembala.

Tiffany anali ataimirira pafupi ndi sinki. Tusekele anayesa kumukumbatira, koma mtsikanayo anabwerera m'mbuyo. Ananena kuti agogo ake anali atamulukira mkeka woti akamupatse pa tsiku limene adzavote koyamba, ndipo mkekawo ndi umene anawakulungamo.

"Anti, amama anakuuzani kuti Mayi Losa anagonja ndi mavoti angati?"

Tusekele anapukusa mutu.

"Anandiletsa kukuuzani. Akuti mungadandaule."

Anatsegula foni yake n'kumuonetsa chithunzi. Chinali cha bolodi lakuda la m'nyumba ya misonkhano, lolembedwa ndi choko: mayina awiri, ndi nambala kutsogolo kwa dzina lililonse. Tusekele anawerenga. Anawerenganso kachiwiri. Kenako anayang'ana pa chitseko cha firiji paja.

Anasiya makapu, napita m'chipinda chochezera, nagwada pamaso pa Melissa. Amayi anasiya kuimba. Tusekele anafuna kunena zambiri, koma chimene chinatuluka n'chakuti amukhululukire, sanadziwe.

"Inu munandipempha, ine ndinavomera," anatero Melissa motsitsa mawu. "Ine ndinkadziwa kuchepa kwathu, inu simunkadziwa. Ndimaopa kukutayani, achemwali. Amayi ndinkati ndiwapeza."

Sanamukankhe, koma sanamugwirenso dzanja. Anangoyang'ana pansi, ndipo patapita kanthawi mayi wina anayambitsanso nyimbo.

Tusekele anatuluka panja osavala jekete. A Dixon, amene anali atayendetsa galimoto kuchokera ku Indianapolis m'mawa womwewo, anamutsatira mpaka pamsewu. Mervin naye anabwera, chipewa chili m'manja, nthabwala zonse zitamuthera. Tusekele anafunsa a Dixon ngati ndi iye wapha mayi wa mnzake.

A Dixon anati palibe munthu angalumbire kuti boti likanakhalapo mayiwo akanachira, pakuti shuga ndi matenda ovuta. Anati amene anachotsa botilo ali ndi mlandu wawo, ndipo amene anavota chifukwa cha thumba la mpunga ali ndi wawonso. Koma anakana kumunamiza kuti langizo lake linalibe kanthu.

"Mwanawe, ife tinachoka kwathu titakhumudwa ndi aphungu athu, ndipo kukhumudwako tinakunyamula m'masutikesi. Tsiku lija tinakutsanulira pa munthu amene phungu wake ankagwira ntchito. Simunafunse kuti kwawo zimayenda bwanji. Ngakhale ine ndinangoimba foni kamodzi, n'kusiya."

Mervin anafunsa, mawu ali pansi, ngati pali chimene angachite. A Dixon anati chisankho chikubweranso pakatha zaka zinayi, ndipo pachilumbapo patsala odwala ena. Tsiku limenelo likadzafika, Tusekele adzagwire shifiti ya mnzakeyo asanapemphedwe, ndipo Mervin adzawaperekeze ku bwalo la ndege. Anawonjezera kuti aliyense wa iwo aimbire abale ake ku Malawi, awafunse ngati analembetsa m'kaundula wa ovota, m'malo mowaseka.

Pa 14 Disembala, Melissa, Gray ndi Tiffany anakwera ndege zitatu ndi sitima ya katundu kukaona manda. Tusekele anagwira ntchito masiku onse a Khirisimasi. Melissa atabwerera, anapitiriza kugwira naye ntchito mwaulemu ndi mwakhama monga kale. Koma m'mawa woyamba, popereka moni, anati, "Mwadzuka bwanji, Tusekele."

Phunziro: Voti ya munthu si kanthu koseweretsa, ndipo phungu wabwino amadziwika ndi ntchito zimene zimasunga moyo wa anthu ake, osati ndi zimene amagawa pa kampeni. Musaletse mnzanu kukavota chifukwa choti inu munakhumudwa, ndipo musanalangize munthu za kwawo, yambani mwamufunsa.

Pa bolodi lija panalembedwa kuti mwini sitolo anapeza mavoti 213, ndipo Mayi Losa anapeza 211. Anagonja ndi mavoti awiri.