Siketi Yakuda Kuseri kwa Duwa

Wometa wina anabwereka kamera kwa mlamu wake n'kulowa kalasi ya Loweruka yophunzira kujambula zithunzi zakuda ndi zoyera. Anasankha maluwa poti maluwa sathawa, ndipo sakalipa kuti mwandikulitsa mphuno.

Koma maluwawo anamuchititsa manyazi kuposa anthu. Duwa lofiira pakati pa masamba obiriwira limakongola m'maso, koma ukangochotsa mitundu, duwa ndi masamba zonse zimasanduka phulusa lokhalokha. Aphunzitsi ake, mayi wamagalasi wosadziwa kuseka, ankatenga chithunzi n'kuchitembenuza uku ndi uku.

"Bambo, duwa lili pati apa?"

"Pakatipo, aphunzitsi."

"Ine ndikuona bulangeti la kuchipatala."

Kunyumba nako kunali moto. Mkazi wake anamupeza pakhonde atagwadira duwa lomwe analiika m'jagi yake ya madzi.

"Bambo a mwana, anthu akuyenda ndi tchire kumutu, inu muli chogwada apa ngati mukufunsira. Ine simunandigwadirepo chonchi. Loweruka lino aphunzitsi anuwo akapanda kupachika chithunzi chanu pakhoma, kamera ikubwerera kwa achimwene."

Atatero anadutsa kuseri kwa duwalo, atavala siketi yake yakuda, n'kuwerama kuti atole beseni. Wometa, poti mtima unali utagunda, chala chinaterereka. Kamera inangoti kwatcha.

Loweruka anatenga zithunzi zonse, n'changozicho chomwe. Aphunzitsi anadutsa mabulangeti ake aja mwakachetechete. Atafika pa chomaliza anavula magalasi, n'kuwapukuta, n'kuwavalanso.

"Bwerani nonse muone. Duwa layera mbee, kumbuyo kwada bii. Ngakhale timizere ta m'duwamo tikuoneka. Nsalu yakumbuyoyi mwaipeza kuti, bambo? Yakwanira chithunzi chonse, yopanda khwinya ndi limodzi lomwe."

"Ndi ya kunyumba," anatero wometa, thukuta lili kamukamu.

Mdala wina wopuma pantchito, yemwe ankajambula maluwa a pulasitiki okhaokha, anasuzumira. "Munaikoka bwanji kuti ithine chonchi, achimwene?"

"Imathina yokha."

Aphunzitsi anapachika chithunzicho pakhoma, namupatsa china chofanana nacho choti apite nacho kunyumba. "Sabata yamawa mubwere nayo nsaluyo, anzanu ayeserepo."

Wometa anayenda njira yonse akuyeserera mawu. Atafika anangopereka chithunzicho ndi manja awiri. Mkazi wake anachiyang'ana nthawi yaitali, kenaka anaika chala pakona, pomwe kazipi kankanyezimira pang'ono.

"Ichi chili pakhoma?"

"Pamwamba penipeni, mayi a mwana."

"Ndiye anati chiyani?"

"Anati palibe khwinya ndi limodzi lomwe."

Mayiyo anayesa kukwinya nkhope, koma pakamwa panamukanira. "Maso ali nawo aphunzitsi anuwo. Kamera ikhale. Koma mukawauze kuti nsaluyo sibwerekedwa, mwini wake ndi wansanje."

Kuyambira tsiku limenelo, wometa akatseka shopu madzulo amagwada pakhonde, duwa lili m'jagi, siketi yositasita ili kuseri kwa duwalo. Ndemanga sadikiranso za Loweruka, mkazi wake amamupatsa pompo.

"Mwayandikira kwambiri, duwa lituluka mbuu ngati dzana lija. Sunthirani kumene kuli dzuwa. Ndipo fulumirani, bambo, nsalu yanu yasiya mphika pamoto."