Anakwecha Makobidi a Malemu

"Mwawatani makobidiwa, alamu?"

Mtchona anaima pakhomo la chipinda cha malemu bambo ake, manja ali m'chiuno. Patebulo lomwe mkuluyo sankalola munthu kuikapo ngakhale kapu panali patayalidwa thaulo, ndipo pathaulopo makobidi onse anali ndandanda, kung'anima ngati mano a munthu wotsatsa mankhwala otsukira mkamwa.

"Ndawatsuka," anayankha mkazi wa mlongo wakeyo, akupukuta m'manja. "Wogula akubwera lero. Mumafuna apeze litsiro lija, akatilengeze kuti ndife banja la uve?"

"Mwatsuka ndi chiyani?"

"Waya wa mapoto ndi timandimu. Ena anali okanika, koma ndalimbana nawo."

Mtchona anakhala pampando. Dzinali anamupatsa ndi apabanja pomwepo, chifukwa anapita kunja kukaphunzira n'kubwerako imvi zitayamba. Anapeza mitengo ya mumsewu itadulidwa, sitolo ya mabuku yomwe anakuliramo ikugulitsa makava a mafoni. Chokhacho chomwe chinamudikira osasintha chinali chipinda chino, ndipo nacho chinathera m'mandimu misozi ya maliro isanaume.

Bambo awo ankasonkhanitsa makobidi olakwika: omwe chidindo cha kufakitale chinagwera pambali, omwe chinamenya kawiri mpaka chaka kumaoneka ngati wochiwerengayo waledzera, omwe anatuluka obenthuka m'mphepete. Ankati khobidi labwino aliyense ali nalo m'thumba, koma lolakwika limapulumuka limodzi pa ambirimbiri. Ankawagwira atavala magolovesi, ndipo ana ankawaonera manja ali kumbuyo.

Tsopano makobidiwo ndiwo anagwira nyumba. Denga linkadontha, khoma la kukhitchini linali litang'aluka, ndipo mlongo wake anali atanena kale poyera kuti nyumba igulitsidwe, amayi akakhale kwa iye, m'kachipinda kosungiramo katundu komwe ankakakometsa ndi dzina loti ka alendo. Mtchona anakana. Anamvana chimodzi chokha: makobidi akakwanira kukonza nyumba, amayi sasamuka.

"Nanga chalakwika n'chiyani?" Mlongoyo analowa akumanga lamba. "Zinthu zawala bwinobwino izi."

"Achimwene, kuda kuja ndiye kunali mtengo wakewo."

"Iwe ndi masukulu akowa. Kwanu kunjako amagula litsiro?"

"Amagula, inde."

"Ndiye ukanabwera msanga udzatiphunzitse. Ife timatembenuza wodwala kuno, iwe ukutumiza timauthenga ta maluwa pafoni."

Mtchona anali ndi mawu ambiri, akuthwa, ena m'zinenero ziwiri, koma pamenepa mlongo wake sananame.

Wogulayo anali mkulu wa sitolo ya zinthu zakale, yemwe anthu ankangomuti Agalasi chifukwa cha kagalasi kokuzira kolendewera m'khosi mwake. Anapepesa maliro, n'kukokera mpando patebulo. Ananyamula khobidi loyamba, n'kulibweza. Lachiwiri chimodzimodzi. Pa lachitatu anatseka maso ngati wina wamuponda chala.

"Ndani?"

Mlamu anayang'ana kudenga.

"Zolakwikazi n'zenizeni," anatero Agalasi. "Onani ili, zilembo zakhala ndi mithunzi, chidindo chinamenya kawiri. Koma poika giredi, mlingo wa mtengo wake, sitiona cholakwika chokha, timaonanso khungu la khobidi. Khungu ili lili ndi mikwingwirima ngati kunsi kwa poto. Dzulo giredi yake inali apa." Anaika dzanja pachipumi, kenako n'kulitsitsira pabondo. "Lero ili apa."

"Sitingawadetsenso?" anafunsa mlamu chapansipansi.

"Mungawadetse, mayi. Galasili silinamizika."

Anayendetsanso maso pathaulo, n'kukwinya nkhope.

"Koma lonenepa lija sindikuliona. Analisula molakwitsa pa chitsulo chochindikala, cha khobidi la mtundu wina. Ndinawanyengerera malemu kuti andigulitse mpaka tinasiya kupatsana moni. Limenelo lokha likhoza kufolera nyumba ino, ngati waya sunalipeze."

Mlongo anayang'ana mkazi wake. Mkaziyo anakutumula thaulo. Mtchona anali atayamba kale kusolola madirowa pamene amayi, omwe ankamvetsera ali m'khonde, anasuzumira.

"Lonenepalo? Tabwerani."

Anawatsogolera kuchipinda kwawo. Pawindo panali makina awo osokera, opalasa ndi phazi.

"Tanyamula uku, iwe," anauza mwana wawo wamwamuna.

Makina atapendekeka, kunsi kwa mwendo wachitsulo kunali khobidi lakuda bii, pakati pake patakumbika.

"Pansi pano mpokhota," anatero amayi. "Makinawa ankagwedera, msoko n'kumapita kwina. Tinayesa makatoni, ankaphwanyika. Kathabwa kankathawa. Tsiku lina bambo anu anangolowa kuchipinda kwawo osanena kanthu, n'kubwera ndi limeneli. Anati muyeso wake ndi womwewu."

Agalasi analinyamula ndi nsonga za zala, n'kuliyandikiza kugalasi. Analiona nthawi yaitali.

"Mwendo wadya chaka chonse chomwe chinadindidwapo. Giredi palibe apa." Anatsitsa galasi. "Munthu uyu! Kundikaniza ine kuti adzapondetse makina?"

Mtchona anafuna kukuwa. Anafuna atamudzutsa mkuluyo kumanda amufunse za magolovesi, za manja kumbuyo, za mbama yomwe anailandira ali mwana chifukwa chopumira pafupi ndi tebulo lija. Koma chomwe chinatuluka chinali kaphwete konyowa.

"Ndiye basi nkhani yatha," anayamba mlongo wake. "Tinamvana kuti makobidi akapanda..."

"Munamvana awirinu," anatero amayi.

Anatenga khobidilo m'manja mwa Agalasi ndi zala zawo zosavala kanthu, n'kugwada pang'onopang'ono, dzanja lina litagwira bondo. Analikankhira pamalo pake.

"Tsitsa."

Mwanayo anatsitsa. Amayi anagwedeza makina ndi manja awiri. Sanasunthe.

"Podontha ndiziika beseni," anauza mwana wamwamunayo, akukhala pampando. "Pansi pa kwanu sindipadziwa kakhotedwe kake."

Ananyowetsa ulusi ndi milomo, n'kuulowetsa pasingano. Phazi litayamba kupalasa, Mtchona anaima kumbuyo kwawo, n'kumaona msoko ukutuluka wowongoka.