Lamulo Lotchetcha Chimanga

Asembeleya ya anthu ya ku Malowera, bwalo lopanga malamulo a mudzi, inkakumana m'nyumba imene kale inali sitolo ya Mpwitikizi, ndipo ngakhale mwini wake anathawa chaka cha ufulu, fungo la nsomba zouma linakana kumutsatira. M'menemo ndi mmene munkaphikidwa malamulo. Analamula kuti mbuzi zisamayende mumsika, koma mbuzizo palibe anakaziuza. Analamula masiku ogayira pa chigayo cha koperativa, chija cha mudzi wonse, mafuta ake atatha kalekale. Tsiku lina anakangana mpaka dzuwa kupendeka pa mtengo wa mchere, m'sitolo ya mudzi mulibe ngakhale kambulu kamodzi. Pamapeto pake manja onse ankakwera m'mwamba, chifukwa malamulo oterewa sankapweteka munthu.

Januário anasankhidwa kukhala deputadu, woimira anthu mu asembeleyayo, chifukwa cha khasu lake, osati pakamwa. Lamulo limodzi lokha ndi limene linachokera kwa iye. Nkhondo itakula, minda ya kutsidya kwa mtsinje inasanduka manda: wina waponda bomba lokwiriridwa, wina wagwidwa akupalira ndi zigawenga, zija tinkati anthu a m'tchire. Januário anapempha kuti banja lililonse lipatsidwe ndime pafupi ndi mudzi, kuzungulira ngalande ya asilikali, pamalo pamene kale panali makola a ng'ombe. Ng'ombezo zinali zitabedwa zonse, koma ndowe zinatsala. Chimanga chinakula modabwitsa, chakuda bii, chotalika kuposa munthu, ndipo anthu ankamupatsa moni ndi manja awiri.

Mbewu ya m'munda mwake anakaipeza ndi mkazi wake Delfina, amene anayenda wapansi mpaka ku Zambia n'kukasinthanitsa ndi nsalu zake zopitira kutchalitchi. Pofika mu February chimangacho chinali chitamasula, chabereka, ndevu zake zili zofiira ndi zanthete. M'kati mwa makoko munalibe njere. Chinkangofuna kanthawi pang'ono, mpaka ndevuzo ziume.

Ndiye m'mawa wina anthu a m'tchire anakwawa m'chimangamo mpaka kufika pa ngalande penipeni osaonedwa. Anapha alonda, anavulaza ena, n'kubwerera momwemo. Mmodzi mwa ophedwawo anali mwana wa mayi Bibiana, deputadu mnzake wa Januário. Maliro asanazizire, mkulu wa asilikali, Tenenti Jacinto, anapempha kuti asembeleya ikhale pansi n'kulamula kuti chimanga chonse chozungulira mudzi chitchetchedwe.

Delfina anamva nkhaniyi kuchitsime. Anafika panyumba n'kutula mtsuko mwamphamvu madzi mpaka kukhavukira.

“A bambo a Berta, ndikuuzeni lero, musadzati sindinanene. Chaka chatha ana anga anadya zitsa za nthochi, mmodzi tinakamuika. Chimanga ichi chikagwa, ine ndimanga katundu, ndi ana anga, ulendo kwa amalume awo ku Zambia.”

“Nanga amayi? Mukudziwa kuti sangayende.”

“Amayi ndi anu. Ana ndi anga.”

Sanali kunama. Ana ndi a kwa mkazi, ndipo malume wawo anali atatumiza kale mawu kuti abwere. Januário sakanatha kubereka mayi ake opuwala miyendo kudutsa mapiri onse aja, komanso deputadu wothawa ankatchedwa wogulitsa dziko, abale ake otsala n'kumayankhira mlanduwo. Tsiku limenelo sanadye.

Msonkhano usanayambe, madeputadu olima anakumana kuseri kwa sitolo ija, n'kumanong'onezana ngati akuba. Onse anali ndi minda, onse anali ndi ana. Anagwirizana chimodzi: apemphe kuti adikire ndevu ziume, kenako adule nsonga zokha pamwamba pa chimanga chobereka kuti alonda aziona patali, ndipo pakadali pano amuna azisinthana kulondera m'mindamo. Maganizo anali abwino ndithu. Chovuta chinali woti akawanene, popeza chiyambire asembeleyayo inali isanakanepo kanthu.

“A Januário, lamulo lija linali lanu,” anatero mmodzi. “Yambani inu. Mukangotsegula, ife tili kumbuyo kwanu.”

M'katimo munkatentha. Tenenti Jacinto anakhala kutsogolo, mnyamata wa kumwera kwa dziko, wowonda, maso ofiira chifukwa chosagona. Chinyanja sankachidziwa. Anayankhula Chipwitikizi, ndipo Teodoro, pulezidenti wa asembeleya, amene kale anali mphunzitsi, ankamasulira. Tenentiyo sanakalipe. Anangoti anyamata ake sangalondere chimene sakuchiona, ndipo watopa ndi kukumba manda. Anatinso nthawi alibe: panja galimoto za asilikali zinali zitaima kale, ovulala ali pamwamba, ndipo iye amayenera kuwaperekeza ku boma dzuwa lisanapendeke.

Januário anaimirira.

Tsono kwathu kuno munthu woleredwa bwino sakana mlendo pamaso. Amayamba ndi kuthokoza. Amavomera zonse zimene mnzake wanena, n'kuzikometsa kuposa mwini wake. Akatero amazungulira, akumbutse za chaka chatha, atchule akufa, ndipo aliyense m'bwalomo amadziwa kumene akulowera. Mawu akuti “komabe” amabwera kumapeto, mnzako mtima utakhala kale pansi. Januário njira ina sankaidziwa. Ndi mmene anafunsira mbeta, ndi mmene ankakanira ngakhale wobwereka nkhwangwa.

“Zikomo a Pulezidenti, zikomo Kamarada Tenenti,” anayamba. “Mawu mwanenawa ndi mawu. Palibe muno angatsutse kuti chimanga chatalika. Chatalikadi, ndipo chabisa adani.”

Teodoro anamasulira. Tenenti anagwedeza mutu.

“Ana athu atifera chifukwa cha chimenechi. Mayi Bibiana ndi awa ali apawa, misozi sinaume. Munda umene anadzeramo adaniwo ndinaupempha ndine, pakamwa panga pano.”

Teodoro anamasulira. Mayi Bibiana anaphimba nkhope ndi mpango.

“Inu munasiya kwanu, munasiya amayi anu, kudzatilondera ife anthu osawadziwa. Ndiye inu mukanena kanthu, ife ndife yani kuti tikane? Moyo wa munthu sungafanane ndi phesi.”

Madeputadu anang'ung'udza movomereza. Iwo ankamva bwino kuti munthuyu wayala bwino mphasa, tsopano akhotera ku njala ya chaka chatha. Januário naye anamva mtima ukukhazikika. Anameza mate kuti apitirize.

Panja galimoto inaliza hutala, kenako inanso.

Tenenti anadzambatuka. Anabwera kwa Januário n'kumugwira dzanja ndi manja ake onse awiri, akuyankhula mofulumira, maso ali ndi misozi.

“Akuti chibwerereni kuno sanaonepo munthu womvetsa ngati inu,” anatero Teodoro, osamuyang'ana Januário kumaso. “Akuti amaopa kuti mukana. Tsono anzanga, alendo akunyamuka, tisawachedwetse. Nkhani yamveka. Alipo wotsutsa?”

Maso onse anali pa Januário.

Iye anali chiimire, dzanja lake lili m'manja mwa mlendo. Mawu aja akuti “komabe” anali pamilomo pomwepa. Koma akanawatulutsa bwanji? Munthu wangokuthokoza kumene, misozi ili m'maso, iwe n'kumuuza kuti zonse ndanenazi zinali zongoyambira? Pamaso pa mayi Bibiana? Ndipo pansi pa manyaziwo panali china chozizira: wokana kuti chimanga chidulidwe, chimanga chimene chabisa adani, anthu adzati ndi mnzake wa yani? Anatsegula pakamwa, n'kuona mfuti ili paphewa la msilikali wa pakhomo. Wina kumbuyo anatsokomola dala, kumukumbutsa. Hutala inaliranso.

Januário anakhala pansi.

“Ovomereza?” anafunsa Teodoro.

Manja anakwera limodzilimodzi, mwaulesi, ngati a anthu odwala malungo. La Januário linali lomaliza.

Galimoto zitachoka Januário anamuthamangira Teodoro pakhonde. Ulemu wonse unali utamuthera.

“Aphunzitsi, inu ndinu mwana wa konkuno. Mumadziwa kuti sindinamalize!”

“Ine ndinamasulira zimene munanena, achimwene. Zimene simunanene ndikanamasulira bwanji?”

“Itanitsaninso msonkhano. Anthu sanapite patali.”

“Nkhani yovoteredwa imabwereranso pa msonkhano wa mwezi wamawa. Lamulo limenelo munalivomera nomwe.” Teodoro anatsitsa mawu. “Inenso ndili ndi munda, a Januário. Koma ndili ndi khosi limodzi. Mawa m'mawa tiyamba, ndipo mukudziwa mwambo wathu: deputadu amaonetsa chitsanzo. Tenenti wasiya mawu kuti gulu lotchetcha mulitsogolere inu, kuyambira kwanu.”

Madzulo onsewo Januário anayenda khomo ndi khomo ngati wopempha moto. Anachonderera madeputadu anzake kuti apite limodzi kwa sajeni, mkulu wa asilikali amene anatsala pa ngalande. Wina anati mutu ukumupweteka. Wina anatuma mkazi kuti anene kuti kulibe, mapazi ake akuonekera pansi pa chitseko. Wachikulire wina anamuyankha mosabisa: “Ife tinkadikira inu. Inu munakhala pansi.” Januário anapita yekha kwa sajeniyo, anagwada pa dothi, munthu wamkulu ndi ndevu zake, n'kumafotokoza za ndevu za chimanga ndi manja, ndi Chipwitikizi chake chothyokathyoka. Nthawi imeneyi sanazungulire ayi. Sajeni anamudzutsa mwaulemu n'kunena kuti lamulo si la asilikali, ndi la anthu eni ake, iye angoliteteza.

Kunyumba anapeza Delfina akukazinga nthanga za maungu za pa ulendo.

“Munawauza?” anafunsa osacheuka.

“Ndinali nditangoyamba.”

Delfina anaseka, kuseka koipa kopanda mano.

“Mayi a Berta, ndimvereni. Tidzala mbatata, sizitalika. Mvula ikadalipo. Ndikafuna mbewu kulikonse, ngakhale kutsidya ndipita.”

“Mbatata zikamadzakhwima tidzakhala titaika wina. Muuzeni Berta mumuyang'ane m'maso kuti adikire mbatata.”

“Musanditengere ana. Ndikupemphani. Nditsala ndi chiyani ine?”

“Mutsala ndi asembeleya yanu,” anatero, koma anapukuta m'maso ndi nsonga ya nsalu. “Sindikukudani, a bambo a Berta. Ndatopa ndi kuika ana.”

M'mawa mwake anthu anasonkhana m'mphepete mwa munda wake ndi zikwanje, palibe wopatsa mnzake moni. Onse anadikira. Januário anagwira phesi loyamba, lonenepa ngati dzanja la mwana, n'kulitema. Linagwa mofewa, madzi akutuluka pachitsa. Atatema lachiwiri anzake analowa, ndipo mundawo unangomveka tswa tswa mbali zonse. Amayi ena ankalira akutema. Ana ankathamangira chimanga chogwa n'kumasenda makoko, koma m'katimo ankangopeza zitsononkho zoyera zokhala ndi timatuza ta madzi. Ankaziluma choncho.

Delfina anabwera ndi katundu pamutu, wamng'ono ali kumsana, Berta ndi mlongo wake ali pambuyo. Anatola mapesi angapo onona, anawadula ngati misinde n'kupatsa ana kuti azikatafuna m'njira. Ana anagwada kutsanzika bambo awo. Januário anawagwira pamutu, chikwanje chili m'dzanja linalo. Msilikali wa pa nsanja anawaona bwinobwino akudutsa, n'kutembenukira kwina, popeza sanali oyamba kuthawa m'mawa umenewo.

Pofika masana mbali yonse ya kumpoto inali mbee. Msilikali uja anafuulira mnzake mokondwa kuti tsopano ngakhale galu sangadutse osaonedwa. Ankanena zoona. Dzulo lake munthu akanangolowa m'chimangamo n'kusowa pomwepo, koma tsopano Januário ankawaona onse, mkazi patsogolo, ana pambuyo, akuwoloka khwawa, akukwera chitunda, akucheperachepera. Berta anaima n'kucheuka, amake anamukoka dzanja. Januário anawaona njira yonse mpaka pamwamba pa phiri.

“A Januário,” anaitana wina kumbuyo kwake, “kwanu tamaliza. Tilowere munda wa yani?”