Chikhatho cha pa Kabati

Aphunzitsi a bayoloje, a Eliness, sankatha kungolemba manotsi pa bolodi n'kukhala pansi ngati anzawo. Tsiku lina analowa m'kalasi ya Fomu 4 nkhope ili yolusa n'kulengeza kuti maikulosikopu ya sukulu yabedwa. Ana anaseka, poti chinthucho chinafa kalekale, ngakhale mbava ya njala sikanavutika nacho. Iwo anafotokoza kuti ndi sewero chabe: wakubayo ali m'kalasi momwemo, wasiya chidindo cha dzanja lake pa chitseko cha kabati, ndipo gulu limene limugwire pogwiritsa ntchito zimene anaphunzira za zala ndi zotengera kumtundu lidzapita ku chionetsero cha sayansi ku boma.

Wakubayo anali Tisungeni. Aphunzitsi anamusankha chifukwa anali mwana wa phee, woti palibe angamuganizire. Dzulo lake anzake ataweruka anamupaka mwaye wosakaniza ndi mafuta m'chikhatho n'kumudinditsa pa kabatipo, ndipo iye anakondwa kuti kamodzikamodzi naye amuwerengera. Koma m'mawa atayang'anitsitsa chidindocho, anaona chimene sanachiganizire. Pambali pa chala chaching'ono panali kadontho kakuda kapadera.

Tisungeni anabadwa ndi zala zisanu ndi chimodzi. Azamba anamanga kachala kowonjezerako ndi ulusi mpaka kanauma n'kugwa, n'kutsala kotupa ngati njerewere. Kwa bambo ake, a Laimoni okonza njinga pa Lisungwi, kunalibe wa zala zotero, kwa malemu mayi ake chimodzimodzi. Amene anali nazo, manja onse awiri, anali a Benedict a pa chigayo. Mayi ake aang'ono anamuphulitsira zoti a Benedict ndiwo anamubereka atakangana maliro a mayi ake atangotha, ndipo iye anazisenza yekha mpaka zitamulemera, n'kuuza munthu mmodzi yekha: Chiyanjano, mnzake amene ankagawana naye chinangwa pa buleki kuyambira ku pulayimale. Chimene ankaopa chinali chimodzi, choti a Laimoni asadzamve.

Magulu ena anataya nthawi ndi galasi lokulitsira, kufananiza mizere ya zala yomwe mwaye unali utaifafaniza kale. Chiyanjano sanavutike. Anayang'ana kadonthoko, anayang'ana Tisungeni, n'kumwetulira. Tisungeni anamupukusira mutu pang'ono, ndipo anakhulupirira kuti mnzake wamva. Kugwidwa sikunali vuto, poti sewerolo linafuna zomwezo.

Koma gulu la mnzawo wina, Mavuto, nalo linali litaloza Tisungeni, chifukwa wina anaona mwaye wotsalira m'zikhadabo zake. Aphunzitsi anati ndiye kuti apambana amene afotokoze bwino za kumtundu. Apa m'pamene Chiyanjano anatola choko. Ku boma anali asanapondeko, ndipo ankakufuna koopsa. Anajambula bokosi la bambo, kamzere, kabwalo ka mwana, ndipo ananena momveka bwino kuti kadontho kaja ndi chipsera cha chala chowonjezera, ndipo chala chotere sichimera chokha ngati bowa, chimachokera kwa kholo. Mavuto, pofuna kumugwetsa, anafunsa kuti nanga bwanji a Laimoni ali ndi zisanu zokha, poti aliyense amawaona akamamanga masipoko.

Chiyanjano akanatha kunena kuti sakudziwa. Anaima pang'ono choko chili m'manja, kenako analemba m'bokosi muja chilembo cha B.

"Kafunseni pa chigayo," anatero.

Kuseka kunayamba kumbuyo kwa kalasi n'kufalikira. A Eliness anathamangira kukafufuta bolodi ndi dzanja lenileni, akunena kuti zinthuzi nthawi zina zimadumpha m'badwo, kuti chala si umboni wa chilichonse. Ankanena zoona, koma ndani ankamva? Mafoni anali atatuluka kale pansi pa madesiki. Tisungeni sanalire. Chinamupweteka kwambiri sichinali kusekako, koma kuti Chiyanjano pobwerera pa mpando anamugwira paphewa n'kumunong'oneza kuti asadandaule, poti ndi sayansi basi.

Nkhani yoipa pa Lisungwi siidikira minibasi. Pamene Tisungeni ankafika pa shedi ya bambo ake, akabaza amene ankakonda kucheza pamenepo anali atabalalika, ndipo amayi ogulitsa manachesi anayang'ana kumbali. A Laimoni anali atanyika chubu m'beseni la madzi, akufufuza pobooka. Sanadzutse mutu. Tisungeni anagwada pambali n'kuyamba kupepesa, akunena kuti ndi zabodza za ana a sukulu.

"Usandinamize, Tisu," anatero. "Ine ndinadziwa usanabadwe. Mayi ako anandiuza okha, ndipo ndinawalonjeza kuti sizidzatuluka pakhomo. Kodi iwe wadziwa liti?"

Anawauza kuti ndi nthawi ya maliro ija. Iwo anatulutsa chubu m'madzimo n'kuchipukuta pang'onopang'ono ndi kansanza.

"Zaka zonsezi ukudya nane mbale imodzi, eti? Ndiye unakasankha mwana wa eni kuti akusungire chinsinsi."

Tisungeni anafuna kunena kuti ankawateteza, koma anaona kuti mawuwo sangafike kulikonse. Bambo ake analongedza zipangizo dzuwa likadali m'mwamba, anatseka shedi, n'kutulutsa njinga yawo. Masiku onse ankamukweza kumbuyo popita kunyumba. Tsikuli anangoikankha wapansi, n'kudutsa dala pakhomo penipeni pa chigayo mutu uli chilili, anthu akuwayang'ana, ndipo sanacheuke kuti aone ngati mwana wawo akuwatsatira.